Mlembi Pakati pa Mbiri ndi Nthano

Inu a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, zitsanzo zambiri za nkhani ya lero zichokera kwanuko. Tikambirana za mabuku a nkhani zopeka a mitundu iwiri, kalembedwe kake, kawerengedwe kake ndiponso njira imene amadzera kuti afike m'manja mwa anthu.

Mtundu woyamba ndi wa nkhani zimene mlembi amazimanga pa zinthu zimene zidachitikadi kale, monga nkhondo, njala kapena ulendo wa anthu opita ku Halale. Mtundu wachiwiri ndi wa nkhani za zodabwitsa, m'mene mbalame imaimba mawu a munthu, njoka imagumula phiri, ndipo akufa amacheza ndi amoyo. Ambiri amayesa kuti mitundu iwiriyi ndi yotalikirana ngati usana ndi usiku. Koma ife amene timalemba timaona kuti kuno kwathu yonse iwiri idaphuka pa tsinde limodzi, ndilo pakamwa pa agogo. Gogo yemweyo amene masana amalongosola m'mene makolo adathawira Angoni, madzulo pa moto amayamba kuti "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse." Anawo sasokonezeka ayi. Amadziwa pamene gogo akuchitira umboni ndi pamene akupeka, chifukwa gogoyo sabisa ng'oma imene akuimba. Udindo wa mlembi ndi womwewo: apeke monga afunira, koma asanamize wowerenga pa zimene zili zoona.

Tiyambe ndi Samuel Josia Ntara, amene ena amalemba dzina lake kuti Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma amene adabadwa m'chaka cha 1905. Buku lake lotchedwa Nthondo lidapambana mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, ndipo lidasindikizidwa ku Nkhoma m'chaka cha 1933. Chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi ndi dzina loti Man of Africa, atalimasulira T. Cullen Young. Nthondo ndi munthu wopeka. Palibe manda ake amene mungakaloze. Komabe moyo wake, kuyambira kubadwa, kupulupudza kwa paunyamata, ulendo wokafuna ntchito kutali, kulowa ufumu mpaka kutembenuka mtima, ndi moyo umene Achewa ambiri a masiku amenewo adaudziwa. Miyambo ya m'bukumo Ntara sadaipeke.

Pambuyo pake Ntara adalemba za Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi kufupi ndi mishoni ya Kongwe m'boma la Dowa. Uyu adali munthu weniweni, mlenje ndi wamalonda a minyanga, amene adayesanso mbewu zachilendo monga tirigu. Buku limeneli lidatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1949 ndi dzina loti Headman's Enterprise. M'zaka zomwezo za m'ma 1940 Ntara adatulutsanso Mbiri ya Achewa, atayenda kufunsa mafumu ndi nkhalamba. Taonani tsono: mlembi mmodzi, mabuku atatu, malonjezo atatu. Mu Mbiri ya Achewa akulonjeza kunena zimene akuluakulu adamuuza. Mu Msyamboza akulonjeza kutsata mapazi a munthu amene adakhalakodi, ngakhale kuti mawu ocheza a m'bukumo adachita kuwaumba yekha. Mu Nthondo akulonjeza kuti munthuyo ngwopeka koma dziko lake ndi loona. Mlembi aliyense ayenera kudziwa lonjezo limene akupereka asanalembe tsamba loyamba.

Tiyerekeze kuti mnyamata kapena mtsikana wa ku Namitete akufuna kulemba nkhani ya m'chaka cha 1935. Zomangira nkhani zilipo zambiri pakhomo pomwepo. M'zaka za m'ma 1920 Mzungu wotchedwa A. F. Barron, amene adakhazikika ku Mbabzi, adalimbikitsa anthu a m'midzi ya kumeneko kulima fodya wa chikopa, ndipo m'chaka cha 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilamulira ulimi ndi misika ya fodyayo. Mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1930, mabanja ambiri adasauka, msonkho uli chidikirire, ndipo amuna adalowera kumwera kukafuna ntchito, ena osabwerako, n'kusanduka matchona. Mkamwini amene wasiya mkazi ndi ana pamudzi pa eni ake, atsibweni amene ayenera kuweruza ngati ukwatiwo udakalipo, mayi amene akupalira yekha munda wa fodya: nkhani ndi imeneyo, ndipo siisowa kukabwereka kunja.

Koma mlembi ameneyu asamale. Munthu wa m'nkhani yake sangagule mchere ndi makwacha, pakuti kwacha idayamba m'chaka cha 1971. Iye adzawerenga mapeni ndi mashereni. Sangakwere sitima ya pamtunda pa Namitete, pakuti njanji idafika ku Mchinji cha m'ma 1980. Sangatchule boma la Mchinji kapena tauni ya Chipata monga tichitira lero, pakuti Azungu ankati Fort Manning ndi Fort Jameson. Akadwala sangapite naye ku chipatala cha St Gabriel, chimene chidatsekulidwa m'chaka cha 1959. Ndipo Lilongwe wa masiku amenewo adali kaboma kakang'ono, likulu lili ku Zomba mpaka chaka cha 1975. Tinthu timeneti tikuoneka tating'ono, koma nkhalamba imodzi ikapeza bodza limodzi lotere, siikhulupiriranso buku lonse. Wolemba za kale ali ngati mlendo pa maliro a mudzi wina: ayambe wafunsa mwambo asanakhale pansi.

Kufunsako kuli pawiri. Kuli mapepala, monga malipoti a abwanamkubwa a maboma ndi makalata a mamishoni, amene ambiri amasungidwa ku nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives ku Zomba. Mapepalawa amathandiza pa zaka ndi manambala, koma ambiri adalembedwa ndi okhometsa msonkho, osati okhoma msonkho. Ndiye kuli akuluakulu a m'mudzi, amene angaiwale chaka koma saiwala fungo la chigafa, kulemera kwa mtolo pamutu, kapena dzina limene anthu adapatsa kapitao wankhanza. Mlembi wanzeru amamva mbali zonse ziwiri, ndipo zikatsutsana sathamangira kuweruza, popeza nthawi zambiri nkhani yabwino imabisala pa kutsutsana pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga kupeka kumalowa pati? Kumalowa pamene mbiri yakhala chete. Kumwera kwa dera lanu, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kudali kachisi wotchuka wa Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula kwa Chisumphi m'malo mwa Achewa onse. Mbiri imatiuza kuti adali ndi atsikana omutumikira otchedwa matsano, kuti padali ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, ndiponso kuti malowa adapasulidwa pa nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800. Koma mbiri siitiuza zimene mtsikana mmodzi mwa matsanowo ankaganiza usiku umene mfuu ya nkhondo idamveka, kaya adathawira kuti, kaya adakumbuka mayi wake. Apa ndipo pa munda wa mlembi. Aloledwa kumupatsa mtsikanayo dzina, mantha ndi chikondi. Chimene saloledwa ndi kusuntha Msinja kukamuika ku nyanja, kapena kunena kuti Angoni sadafikeko. Pamene mbiri yalankhula, mlembi amvere. Pamene yakhala chete, mlembi alankhule.

Steve Chimombo, amene adamwalira m'chaka cha 2015, adayenda njira imeneyi m'sewero lake lotchedwa The Rainmaker la m'chaka cha 1978. Adatenga mbiri ya M'bona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi mkangano wake ndi Kamundi, n'kuwapatsa anthuwo mawu ndi mitima. Ndipo si kuno kokha. Ku Lesotho, Thomas Mofolo adalemba buku lotchedwa Chaka m'Chisutu, lonena za mfumu ya Azulu. Mfumuyo njoona, nkhondo zake n'zoona, koma sing'anga Isanusi amene amaipatsa mphamvu posinthana ndi magazi a wokondedwa wake ngwopeka. Mofolo adaona kuti zaka ndi maina a nkhondo sizikwanira kulongosola m'mene mtima wa munthu umaonongekera ndi ulamuliro, choncho adaitana zodabwitsa kuti zimuthandize kunena choona. Apa mitundu yathu iwiri ija yakumana m'buku limodzi.

Tsopano tione nkhani za zodabwitsa pazokha. Pali anthu amene amazinyoza, amati n'za ana. Koma ambiri a inu amene mudapita ku sukulu mukukumbukira buku la John W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, la m'zaka za m'ma 1960, m'mene munthu adapha mbale wake chifukwa cha kaduka, mbalame n'kuulula mlanduwo ndi nyimbo. Palibe amene adaonapo mbalame yochitira umboni pa bwalo la milandu. Komabe aliyense amene adabisapo choipa amaidziwa mbalame imeneyo, pakuti imaimba mumtima mwake usiku. Nkhani za zodabwitsa zimatenga chinthu chosaoneka, monga chikumbumtima, dyera kapena chisoni, n'kuchipatsa mapiko ndi mlomo kuti tichione ndi maso.

Ena amaganiza kuti mtundu uwu ngwosavuta kulemba, poti chilichonse chingachitike. Kunena zoona, ndi wovuta koposa. M'nthano zathu mphamvu iliyonse ili ndi lamulo lake ndiponso mtengo wake. Mankhwala ali ndi chizimba, ali ndi zosala, ndipo wophwanya lamulolo amaona tsoka. Mwana woumbidwa ndi dothi saloledwa kunyowa ndi mvula, ndipo womvera akangomva lamulo limeneli mtima wake umayamba kugunda poona mtambo. Chimene chimagwira womvera ndi lamulolo, osati chodabwitsacho. Mlembi amene apatsa munthu wake mphamvu zopanda malire, kuti pa vuto lililonse angotulutsa chithumwa chatsopano, wapha nkhani yake yekha. Choncho wolemba za kale amamvera malamulo amene mbiri idaika, wolemba za zodabwitsa amamvera malamulo amene waika yekha, ndipo onse awiri akawaphwanya wowerenga amatseka buku.

Palinso chenjezo limene tiyenera kulinena poyera. Nkhani za ufiti kuno si zoseweretsa. Tamva kangapo za nkhalamba zimene zidamenyedwa, kuthamangitsidwa pamudzi ngakhale kuphedwa kumene chifukwa choganiziridwa ufiti, chikhalirecho lamulo la m'chaka cha 1911 lidaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mlembi amene mfiti zake zonse ndi amayi okalamba, amasiye ndi osauka, akuthira mafuta pa moto umene ukutentha kale anthu osalakwa. Chimodzimodzinso za gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mlembi angathe kulemba za mantha ndi chimwemwe cha mwana poona chilombo chikutuluka pa bwalo, koma za kudambwe zili ndi eni ake. Kupeka kuli ndi ufulu, koma ufuluwo suchotsa ulemu.

Nkhani za makedzana ndi za zodabwitsa zidagwiranso ntchito ina m'dziko muno. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la m'chaka cha 1968 litakhazikitsidwa, kudali koopsa kulemba mosabisa za ulamuliro wa nthawi imeneyo. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje adatsekeredwa m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Alembi ambiri adaphunzira kuphiphiritsa. Chimombo adatenga Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene anthu amati ndiyo idagumula Zomba m'chaka cha 1946, n'kuisandutsa chifanizo cha mphamvu imene imasesa anthu mosasankha. Wounika mabuku ankaona nthano ya makolo, koma wowerenga watcheru ankamva zina. Masiku amenewo adapita, koma luso lija lidatsala, ndipo alembi a pambuyo pake adalitembenuzira kutsogolo. Shadreck Chikoti adapambana mphotho ya Peer Gynt m'chaka cha 2013 ndi buku lotchedwa Azotus the Kingdom, limene lidatuluka m'chaka cha 2015, lonena za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Wolemba za mawa amafunsa funso lomwe lija la wolemba za dzulo: kodi munthu amatsala ndi chiyani dziko lake likasintha?

Kunena za kuwerenga, mlembi wosawerenga ali ngati mlimi wosayendera minda ya anzake. Woyamba kumene awerenge Ntara ndi Gwengwe kuti amve m'mene Chichewa chimayendera pa pepala. Awerenge Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la m'chaka cha 1958, aone m'mene mudzi umodzi wa ku Nigeria udanyamulira mbiri ya Africa yense. Adziwenso kuti D. O. Fagunwa adalemba za mlenje wolowa m'nkhalango ya mizimu m'chilankhulo chake cha Chiyoruba m'chaka cha 1938, ndipo anthu akwawo adalikonda bukulo kwambiri. Awerenge kawiri, koyamba kuti asangalale, kachiwiri kuti aone pamene mmisiri adalumikiza mitengo ya denga. Ndipo inu owerenga wamba, mukatenga buku la nkhani ya kale, musaliyese buku la mbiri ya m'kalasi. Likakukhudzani, pitani mukafunse agogo ngati zidalidi choncho. Buku labwino limabwezera munthu kwa akuluakulu ake ndi mafunso atsopano.

Tifike tsono pa chipata chopapatiza, ndicho kusindikiza. Mabuku oyamba a Chichewa adatuluka m'makina a mamishoni, monga a ku Nkhoma, a ku Blantyre ndi a Akatolika ku Likuni, pafupi ndi kwanuko. Tiyenera kuwathokoza, komabe tisaiwale kuti mwini makina ndiye ankasankha nkhani yoyenera kutuluka. Buku la Mofolo lija lidagona zaka zoposa khumi lisanasindikizidwe m'chaka cha 1925, chifukwa ena a mishoni sadakondwe nalo. Kuchokera m'chaka cha 1948 padali bungwe la boma losindikiza mabuku a Nyasaland ndi Northern Rhodesia limene likulu lake lidali ku Lusaka, ndipo lidatulutsa mabuku ambiri a Chinyanja. M'zaka za m'ma 1970 kudabwera Popular Publications ku Limbe ndi kampani ya Dzuka ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 1995 alembi adakhazikitsa bungwe lawo la Malawi Writers Union.

Vuto lalikulu ndi la masamu. Ntchito yokonza buku, kulikonza zolakwa, kujambula chikuto ndi kutchera makina, imadya ndalama zofanana kaya musindikiza mabuku 200 kaya 5,000. Mukasindikiza ochepa, buku lililonse limakwera mtengo, ogula n'kuthawa. Mukasindikiza ambiri, ndalama zimagona m'makatoni. N'chifukwa chake osindikiza amakonda buku limene lasankhidwa kuti liwerengedwe pa mayeso a sukulu, poti ogula ake ngodziwika kale. Nthondo wakhala ndi moyo zaka zonsezi mwa zina chifukwa ana a sekondale akhala akumuwerenga pa mayeso. Koma mabuku ena abwino amene sadalowe pa mndandanda wa sukulu adatha m'masitolo, ndipo lero kuti muwapeze muyenera kufunsa kwa mphunzitsi wopuma ntchito amene adasunga limodzi m'sutikesi. Choipa china n'chakuti mlembi amayamba kulembera wosankha mabuku a sukulu m'malo molembera anthu, nkhani yake n'kusanduka ulaliki.

Alembi ambiri tsopano amalipira okha osindikiza n'kumagulitsa okha mabuku awo, ena amatumiza nkhani zawo pa lamya za m'manja ndi pa intaneti. Njirayi yatsekula khomo limene lidali lotseka, koma ili ndi mbuna zake. Buku lotuluka popanda munthu wina waluso kuliwerenga ndi kulidzudzula limatuluka ndi zilema zake zonse. Mutu umodzi susenza denga. Wotsata njirayi apeze mkonzi wosamuopa, awerengere nkhalamba za kwawo mitu ingapo mokweza kuti zimugwire pamene waphonya, atenge nambala ya buku ya ISBN ku National Archives ndi kusiyako buku lake monga lamulo lifunira kuti lisadzatayike, ndiponso adziwe za bungwe la COSOMA limene limateteza umwini wa zolemba. Asaiwalenso wailesi. M'midzi yambiri nkhani imafika msanga kudzera m'khutu kusiyana ndi m'maso, ndipo nkhani yolembedwa bwino m'Chichewa imakoma poimva.

Omvera athu, chimene chatifulumizitsa kukamba zonsezi ndi ichi. Anthu amene adaona msika wa fodya wa masiku a atsamunda ndi maso awo atsala owerengeka. Amene adakwera ndege za Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ulendo umene boma lidauimitsa ndege itagwa ku Francistown m'chaka cha 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, nawonso akalamba. Amayi amene amadziwa nthano ndi nyimbo zake zonse akuchepa chaka ndi chaka, ndipo ana ambiri madzulo amakhala pa kanema m'malo mwa pa moto. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Inu aphunzitsi a ku Nsaru, inu ophunzira a ku Namitete, inu alimi a ku Kabudula odziwa kulemba, kope limodzi ndi cholembera n'zokwanira poyambira. Khalani pansi ndi agogo sabata ino, lembani zimene akunena monga akunenera, ndipo mulembe padera zimene mwaonjeza inu. Mukatero mwayamba kale ntchito imene Ntara adaiyamba ku Nkhoma.